Nsalu Inathawa, Mbale N'kutsala

Kulesitilanti ya pahotela ina, aliyense ankawadziwa ndi dzina loti a Chifatse. Dzinali silinawagwere pachabe. Bambowa akanyamula thireyi ankayenda ngati pansi ayalapo mazira, ndipo kasitomala akanakuwa mpaka mawu kusasa, mwendo wawo sunkasintha. Anzawo achangu ankathamanga, kugundana pakhomo la kukhitchini, kubwerera kukatenga foloko yoiwalika. A Chifatse ankafika pambuyo pa onse, koma zonse zili m'malo mwake. Pa zaka zonse zimene anaperekera zakudya, palibe anawaonapo atathira munthu msuzi pamalaya.

Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, akutsuka mapoto kuseri, manja ali mbuu ndi sopo. Kenako anawakweza kuti azipukuta matambula, kenako aziyala matebulo, mpaka tsiku lina anawapatsa malaya oyera ndi tayi yakuda yooneka ngati gulugufe. Malayawo anali aakulu moti anthu awiri akanalowamo, choncho anapita nawo kwa telala wa pakona kuti akawabweze. Telalayo anali mtsikana wolankhula ngati wailesi yopanda batani lozimitsira. Powayeza mapewa anawafunsa ngati malayawo anabwereka kwa agogo awo. Mawa lake a Chifatse anabweranso ndi buluku loti silinang'ambike paliponse. Anapitiriza choncho mpaka zovala za m'bokosi mwawo zitatha, ndiye poti panalibenso chonamizira, anafunsira.

"Mukanachedwanso pang'ono ndikanafunsira ndine," ankatero akazi awowo nthawi zonse nkhaniyi ikabuka.

Chimene chinawasokoneza mutu bambo wodekhayu chinachitika masana ena, ali kale ndi ana awiri. Anali atangoyala tebulo la pakhonde lakuseri, pomwe antchito ankadyera alendo akachepa. Nsalu yake inali yakale, yoti kutsogolo inapuma ntchito, yoterera chifukwa chochapidwachapidwa. Pamwamba anaikapo mbale zadothi, jagi yodzaza madzi ndi mbale yaikulu ya nyama. Kamsuzi kanadonthera pangodya ya nsalu yolendewera. Galu wa mlonda, amene ankangozungulira pamenepo ngati kapitawo, anafika n'kuyamba kunyambita. Zitamukomera, analuma nsaluyo. Nthawi yomweyo akhukhi, mkulu wophika, anatulukira pakhomo la khitchini n'kumenyetsa chivundikiro cha poto pansi kuti ngwee! Galu anadumpha ngati waponda khala lamoto, n'kuliyatsa liwiro, nsalu ili kukamwa.

A Chifatse anatsinzina, kudikira kuti amve phwaa. Kunali zii. Atatsegula maso anapeza tebulo lili mbulanda, matabwa ake akuoneka, koma mbale zonse zili pomwe anaziika. Madzi a m'jagi okha ndi amene ankanjenjemera pang'ono. Kutsidya kwa bwalo galu uja ankalimbana ndi nsalu yomwe inamukola miyendo.

"Akhukhi! Akhukhi, mwaona?"

"Ndaona galu wakuba, ndipo lero andidziwa."

"Ayi, mbale! Mbale sizinagwe!"

"Ndiye inu mumafuna zigwe?"

Akhukhi anatola chivundikiro chawo n'kubwerera kukhitchini. A Chifatse anatsala ali kakasi, akuzungulira tebulo, kusuzumira pansi, kugwira mbale imodziimodzi ngati akufuna iwauze chinsinsi. Ataweruka tsiku limenelo anathamanga kupita kunyumba. Aneba anali asanawaonepo akuthamanga, moti amayi awiri anawalondola kudzafunsa kuti kwagwanji.

Akazi awo anamvetsera nkhani yonse, phazi lili pa makina osokera, ulusi uli kukamwa. Atamaliza kumva anangoti, "Chabwino, galu wachita zodabwitsa. Koma mbale zanga zadothi za m'kabati, ngakhale kuziyang'ana musaziyang'ane."

Anawapatsa mbale zapulasitiki ndi timakapu ta ana, komanso nsalu yamaluwa yokhuthala imene anaisoka okha, yopinda bwino m'mphepete monse. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse lopuma, a Chifatse ankatulutsa tebulo pabalaza n'kuyamba. Poyamba ankakoka mwa chikhalidwe chawo, pang'onopang'ono, ndipo mbale zinkabwera pamodzi ndi nsalu ngati ana otsatira mayi awo, mpaka kugwera pamapazi pawo. Atayesa kukoka mwamphamvu, mbale zinkauluka, ina kukhoma, ina pansi pa mpando, kapu kukatera m'beseni la madzi. Ana ankakuwa ndi chisangalalo, akulimbirana kutola. Nkhuku za aneba zinasiya kudutsira pakhomopo.

"Abambo, zoona galu wakuposani?" ankaseka akazi awo. "Mwina vuto ndi manjawo. Yesani kuluma ndi mano."

A Chifatse anangotola mbale zawo. Koma tsiku lina onse atachoka anatseka chitseko, kugwada, kuluma ngodya ya nsalu, n'kudziponya chagada. Dzino lam'mwamba linawawawa mpaka anavutika kutafuna, ndipo atafunsidwa anati aluma mwala wa mumpunga.

Zaka zinapita. Nthawi zina ankasiya, nsalu n'kuipinda, kenako akayala tebulo kuntchito zala zinkayamba kuyabwa, n'kuyambiranso. Ana anakula, kutola mbale kunawatopetsa. Mayi telala anazolowera kusoka phokoso la pulasitiki likugogoda pansi. Ankauza makasitomala awo kuti, "Musadabwe, ndi bambo akunyumba. Kuwayambitsa chinthu n'kovuta, koma akayamba, kuwaletsa ndiye kovutiratu."

Thandizo linabwera pa lole. Mchimwene wa akazi awo anali dalaivala wa mtunda wautali, munthu wamimba yaikulu ndi mawu ogwedeza malata. Ankatulukira mwa apo ndi apo, kuimika lole yake kumapeto kwa msewu, kudya ngati anthu atatu, n'kugona masana onse pampando wautali. Ulendo uwu anadzidzimuka kutulo mbale yapulasitiki itawamenya pamphumi.

"Alamu, ndakulakwirani chiyani? Ngati mwatopa nane ingonenani."

A Chifatse anapepesa, kenako anafotokoza za galu, za jagi, za zaka zonsezo. Ankayembekezera kusekedwa. Koma alamu awo anakhala tsonga, maso akuwala.

"Iwe, tabweretsa tiyi," anauza mlongo wawo. "Udzaze kapu yanga yachitsulo ija mpaka m'milomo."

Tiyi atabwera, dalaivalayo anang'amba tsamba la nyuzipepala, kuliyala patebulo, kapu n'kuikhazika pamwamba. Anakoka pepalalo pang'onopang'ono. Kapu inatsatira.

"Mwaona? Ukaunyengerera katundu, umabwera nawe. Tsopano taonani."

Anagwira nsonga ya pepala n'kulitsomphola kamodzi kuti tswii! Pepala linali m'manja mwawo. Kapu inali pomwepo, tiyi osatayika ngakhale dontho.

A Chifatse anakuwa mpaka mwana wa aneba anayamba kulira. "Ndi zimenezo! Alamu, ndi zimenezo! Mwachita bwanji?"

"Ine ndimadya zimenezi tsiku ndi tsiku," anatero dalaivala, akumwa tiyi wake monyada. "Mvetserani. Chinthu chikakhala, chimafuna chikhalebe. Chikayenda, chimafuna chiyendebe. Ndikapakira bokosi kumbuyo kwa lole osalimanga, n'kunyamuka mwaukali, anyamata amakuwa kuti bokosi lathawira kumbuyo. Bodza! Bokosi silinapite kulikonse. Lole ndi imene yalithawa pansi. Ndikaponda mabuleki mwadzidzidzi, lole imaima koma bokosi silinamve zoti taima, limabwera kudzandigogoda kumsana."

"Ndiye mbale zanga zimaulukiranji?"

Alamu anatola mbale imene inawamenya ija, kuiponya m'mwamba n'kuiwakha ndi zala ziwiri. "Izi mukuti mbale? Awa ndi masamba. Lole yopanda kanthu imanyamuka ngati njinga. Yodzaza simenti imalira, kubuula, kukana kusuntha, ndipo ikathamanga, kuti iime uyenera kuyamba kuipempha uli kutali. Chinthu chikamalemera, makani ake amakulanso. Inu mukufuna zinthu zamakani. Tulutsani zadothi."

Onse awiri anatembenukira ku kabati. Mayi telala anali ataimirira kale kutsogolo kwake, manja m'chiuno, lumo lalikulu lili m'dzanja.

"Achimwene, munabwera kudzadya kapena kudzapasula banja?"

Anagwirizana zoyamba ndi zinthu zosasweka. Anaika patebulo mapoto awiri odzaza madzi, simbi yositira ndi mwala wotsekera chitseko. A Chifatse anapukuta manja pabuluku, kugwira nsalu, kupuma kwambiri, n'kutsomphola. Nsalu inatereradi pansi pa mapoto, koma kumapeto kwenikweni china chake chinakola. Poto mmodzi anapendekeka, madzi onse khuthu pamiyendo ya alamu.

"Mayo ine! Lero ndasamba kawiri!"

Mayi telala sanaseke. Anali atawerama, akuyendetsa chala m'mphepete mwa nsalu. "Abambo, nsalu ya galu ija, m'mphepete mwake munali bwanji?"

A Chifatse anaganiza. "Inali yakutha. Mopinda monse munayoyoka kalekale."

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukulimbana ndi msoko wanga! Taonani kukhuthala kwake. Ukafika pansi pa poto umamukola ngati chala." Anapukusa mutu, theka akudandaula, theka akunyadira. "Ine ndikasoka, ndasoka."

Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi nsalu yoterera, yonyezimira, ya mtundu umene ankaika mkati mwa majekete. Anaiyala, kuidula ndi lumo kuti kwee, osapinda paliponse, n'kusalaza makwinya ndi chikhatho. Alamu anabwezerapo mapoto. A Chifatse anaima pamalo awo, ndipo apa anakumbukira chinthu china chomwe palibe akanawauza: galu uja anali pansi. Sanakokere m'mwamba. Nsalu inatsetsereka m'mphepete mwa tebulo kulowera pansi.

Anapinda mawondo. Anatsomphola cholozetsa pansi.

Tswii!

Mapoto anali phee. Simbi inali phee. Mwala unali ngati unamera pomwepo. Nsalu inali lende m'manja mwawo.

Chimene chinachitika m'nyumbamo aneba amachikambabe. Alamu anawanyamula a Chifatse ngati thumba la simenti n'kuzungulira nawo pabalaza. Ana, omwe tsopano anali ataliatali, ankamenya mapoto ndi masipuni. A Chifatse, bambo wa zaka zawo, wa imvi zoyamba kale m'mutu, ankalira misozi kwinaku akuseka, akubwereza mawu amodzimodzi: "Zatsala! Zatsala!" Phokoso lili mkati anamva kabati ikutseguka. Mayi telala anatulutsa okha mbale zawo zadothi, zija ankadyera alendo olemekezeka okha, kuyalanso nsalu yoterera ija, n'kuziyala patebulo imodziimodzi.

"Kokani," anatero, maso atatsinzina. "Koma ikasweka imodzi, mukwera lole ya alamu anuwa."

Sinasweke ngakhale imodzi.

Kuntchito sanauze munthu. Abwana a lesitilanti anali munthu wosakonda masewera, woti tambula ikagwa kukhitchini ankaimva ali muofesi chitseko chotseka. Hotela itagula nsalu zatsopano, zoterera, zopyapyala m'mphepete, a Chifatse ankazisisita poyala, zala zikuyabwa. Koma ankangomeza malovu n'kupita kukatenga mafoloko.

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka lina masana banja lina linabwereka chipinda chachikulu kuti likondwerere tsiku lobadwa la mayi awo okalamba. Gogoyo anamukhazika pampando wamateyala kumutu kwa tebulo, kumbuyo kwake kuli chipilala, miyendo atamufunditsa bulangete laubweya. Patsogolo pake panali keke yaikulu yosanjikiza, mbale yakuya ya msuzi wotentha wofuka nthunzi, ketulo ya tiyi ndi makandulo ataliatali oyaka. Adzukulu anaunjikana kuti ajambulitse. Wina pofuna kulowa pachithunzi anagunda kandulo ndi chigongono. Kandulo inagudubuzika, kugwera m'mphepete, ndipo nsalu yolendewera pafupi ndi mawondo a gogo inagwira moto kuti lawi!

Chipinda chonse chinasanduka msika. Mwana wamkulu wa gogoyo anakoka mpando wamateyala, koma mabuleki anali omanga ndipo chipilala chinatsekereza. Mayi wina anagwira nsalu kuti aikoke, mbale ya msuzi n'kuyamba kutsetsereka kulunjika pamiyendo ya gogo. Abwana ankakuwa kuti wina akatenge chozimira moto kukhitchini. Moto unkakwera, bulangete lili pompo.

A Chifatse anali pafupi, atanyamula thireyi ya matambula. Anaitula pansi, ndipo amene anaona amalumbira kuti ngakhale pamenepo anaitula mosamala. Kenako anafika kumbali kwa tebulo.

"Mayi, siyani nsaluyo! Nonse chotsani manja patebulo!"

Mawu amenewo palibe anali atawamvapo akutuluka m'kamwa mwawo. Manja onse anachoka. Iwo anagwira nsalu ndi manja awiri, kupinda mawondo, n'kutsomphola.

Nsalu inadutsa pansi pa keke, pansi pa msuzi, pansi pa ketulo, n'kutuluka ndi moto wake ngati mbendera yoyaka. Timapepala topukutira pakamwa tinauluka, maluwa anagwa, makandulo otsala anagwera patebulo n'kuzima, masipuni angapo analira pansi. Koma keke inaima njo. Msuzi unagwedezeka m'mbale mwake n'kukhazikika. A Chifatse anaponya nsalu pasimenti n'kuivina ndi nsapato mpaka utsi wokha unatsala. Akhukhi anafika ndi chozimira moto n'kupopera thovu pansapato zawo, moto utazima kale.

Anthu anatsala kukamwa yasa. Amene anayamba kulankhula anali gogo uja. Anakweza chala n'kuloza a Chifatse.

"Mwanawe, tabwera kuno. Iweyo wachita chiyani?"

"Pepani agogo, ndachotsa nsalu."

"Ndaona kuti wachotsa. Koma ana awa ananditchinga, sindinaone bwino. Tabwereza."

Chipinda chinaphulika ndi kuseka, nthungululu, m'manja. Ana a gogoyo anakumbatira a Chifatse, wina akuwapsompsona pamutu. Zala ziwiri zinali zitatuluka matuza pomwe nsalu yosungunuka inawakhudza, koma iwo sankamva kanthu. Anayang'ana abwana. Abwana anayang'ana keke, kuyang'ana gogo, kuyang'ana mbale zawo zodula, thukuta lili kamukamu. Kenako anatembenukira kwa woperekera wina.

"Ukuyang'ana chiyani? Katenge nsalu ina!"

Anamanga zalazo ndi bandeji, kuyalanso tebulo, makandulo okha osayatsa. Adzukulu anapatuka kuti gogo aone. A Chifatse anabwereza, ndipo ulendo uno ngakhale supuni sinagwe. Gogo anawomba m'manja ngati kamtsikana, n'kulamula kuti chidutswa choyamba cha keke chipite kwa iwo.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana lesitilanti inkadzaza. Anthu ankabwera ndi ana awo kudzaona bambo woyenda ngati kamba amene manja ake ankasanduka mphezi. Sizinkatheka nthawi zonse. Tsiku lina nsalu inali yonyowa pang'ono, inamata patebulo, nkhuku yathunthu n'kukatera pamiyendo ya mphunzitsi wina, amene anangoti poti yabwera yokha aidya. Abwana anaphunzira kuyang'ana kumbali nthawi yokoka ikafika. Anyamata ena anapempha kuti awaphunzitse, ndipo iwo ankawayambitsa ndi mapoto kuseri, akuwauza kuti mantha ndi amene amaswa mbale, chifukwa dzanja lamantha limakoka mwatheka.

Koma kunyumba, madzulo a tsiku la moto lija, nkhaniyi sinalandiridwe monga ankayembekezera. Mayi telala anamasula bandeji, kuona matuza, n'kudzoza mankhwala. Atamaliza anati, "Ndiye za kuhotelazo anthu achilendo aona, gogo wa eni ake waona kawiri, ine amene ndinadula nsalu yanga ndingomva m'nkhani?"

Loweruka lotsatira anatseka shopu yawo yosokera dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo. Anavala diresi imene anadzisokera mkati mwa mlunguwo, kukwera basi, n'kukalowa pakhomo lakutsogolo la hotela. Zaka zonse zimene amuna awo anagwira ntchito kumeneko, iwo ankangodziwa geti lakuseri. Anasankha tebulo la pafupi ndi zenera, kukhala mowongoka, chikwama pamiyendo.

A Chifatse anafika ndi thireyi, akuyesetsa kuti nkhope isaseke. "Takulandirani, mayi. Tikupatseni chiyani?"

"Tiyi wamkaka. Ndipo mufulumire, ndamva kuti operekera a pano ndi ochedwa."

Anabweretsa ketulo, kapu yoyera ndi mbale yake, n'kuthira tiyi mpaka pafupi ndi m'milomo. Anthu a matebulo ena anali atayamba kale kutembenuza mipando. Mayi telala anagwira m'mphepete mwa nsalu, kuipenda ndi zala ngati akufuna kuigula, n'kugwedeza mutu kuti ili bwino. Anachotsa manja.

Tswii!

Anthu anakuwa, ana akudumpha pamipando. Mayi telala anayang'ana kapu yawo, yomwe inali pamatabwa opanda nsalu, tiyi akuzungulira pang'ono mkati. Anainyamula mosafulumira, kupemerera, n'kumwa. Maso awo anali atalengeza misozi, koma mawu anatuluka owuma bwinobwino.

"Shuga wachepa," anatero.

A Chifatse anapita kukatenga shuga, akuyenda pang'onopang'ono, nsalu ili paphewa.